Mbale Zisanu ndi Ziwiri za Takondwa

Amuna anga aMatiyasi ndi munthu wabwino, koma kuuma mutu kwawo, mayi wanga ine! Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndiye ndikamanena choncho musandiyese wamiseche. Zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu sanalankhule ndi mwana wawo wamkazi Takondwa. Mwanayo akaimba foni, iwo ankangoona dzina n'kundipatsira ine, amvekere, "Foni yanu iyi." Kenako n'kukhala pompo pakhonde kumanamizira kuswa mtedza, khutu lili tcheru.

Mlandu wake unali uwu. Takondwa anali pa koleji ya uphunzitsi ku Chipata, ndipo atate ake anali atauza kale tchalitchi chonse kuno kwathu kufupi ndi Mtenguleni kuti m'nyumba mwawo mutuluka mphunzitsi. Chaka chachiwiri mwanayo anasiya, n'kukwera basi ya ku Joni. Ku Joniko sanakhalitse, anapitirira mpaka ku Cape kumene dziko limathera m'nyanja yamchere. Anapeza ntchito pa lesitilanti ina yomangidwa pakati pa munda wa mphesa. Anayamba n'kutsuka mbale, kenako kusenda anyezi, lero ndi wachiwiri kwa mkulu wa ophika onse.

Ankanditumizira zithunzi pafoni. Mizere ya mphesa yotsetsereka phiri mpaka kunyanja, matebulo a nsalu zoyera pansi pa mitengo, anthu obwera pa ndege kudzangodya basi. Akuti munthu amalembetsa dzina miyezi itatu kuti apeze mpando. Ine ndinkawaonetsa aMatiyasi, iwo n'kutembenuza nkhope.

"Kuphika ndi ntchito?" ankatero. "Inuyo mumaphika tsiku lililonse, setifiketi yanu ili kuti?"

Tsiku limenelo ndinawaphikira therere lopanda mchere, kuti adziwe ngati ili ntchito kapena ayi.

Mu Julaye chaka chatha Takondwa anabwera. Kumeneko nyengo yozizira kumagwa mvula, mphesa zimayoyola masamba, alendo amachepa, ndiye lesitilanti amaitseka kwa masabata awiri. Kuchotsa masiku a mu basi, anatsala ndi masiku asanu okhala nafe. Anatsika pamsewu ndi chikwama chimodzi ndi katoni yomwe anaifungatira ngati khanda. Ine ndinalira mpaka anthu anatuluka m'nyumba poyesa kuti kwagwa zovuta. Atate ake anamupatsa dzanja, n'kufunsa, "Mwayenda bwanji?" ngati mmene amafunsira ogula thonje. Atatero anatenga khasu n'kupita kudimba.

Masiku awiri anapita chomwecho. Lachisanu tili kumpopi, Takondwa anandiuza maganizo ake.

"Amayi, Lamlungu ndiwaphikira atate. Ndiwaphikira ndendende mmene timaphikira kuntchito, mbale zisanu ndi ziwiri, imodzi ikatha ina ibwere. Kuwafotokozera ndalephera, ndiye alawe okha. Akadya adziwa kuti sindinapite kukasewera. Akakana, basi, sindidzawavutanso. Ndizidzangokutumizirani ya basi inu n'kumakumana ku Lusaka."

Mwana ameneyu ndimamudziwa, mutu anatengera atate ake omwewo. Akanena kuti basi, ndiye kuti basi.

Loweruka tinakwera minibasi kupita kumsika wa Kapata ku Chipata. Ndinachita manyazi, ndikuuzeni. Takondwa ankanunkhiza chilichonse, tomato kumutembenuza, nsomba kuiyang'ana m'maso, mandimu kuwakanda ndi chikhadabo. Mayi wina wogulitsa kapenta anafika pokwiya. "Sisi, mukugula kapena mukufuna kukwatiwa naye kapentayo?" Tinabwerako ndi nsomba ziwiri, kapenta wodzaza kapu imodzi, bwemba, malambe, uchi ndi mpunga wa ku Chama. Dzungu, mbatata ndi mtedza tinali nazo pakhomo, nkhunda zitatu tinagwira m'khola mwathu, nyama ya mbuzi anagula kachidutswa kochepa n'kuyamba kuiphika madzulo omwewo pamoto wapansipansi.

Chovuta chinali mbale. Odya tinali atatu, aMatiyasi, ine, ndi mnzawo wa mu kwaya aLazarus, amene amuna anga anawaitana okha, ati pakhale mboni. Aliyense mbale zisanu ndi ziwiri, ndipo Takondwa anakana zoti tizitsuka n'kubwezeramo. Ndinazungulira mudzi wonse kubwereka mbale zadothi. Pofika kunyumba yachinayi mbiri inali itandipitirira kale kuti kwa aMatiyasi kuli chinkhoswe. Ndinachita kulumbira kuti kulibe mkamwini aliyense m'katoni muja.

Lamlungu tikuchokera ku mapemphero tinapeza pakhomo pasintha. Tebulo analitulutsa n'kuliika pansi pa mtengo wa mango, moyang'ana kumunda wa thonje umene unali mbuu kuyera mpaka kuphiri. Anayalapo nsalu yanga ya pabedi, yoyera ija ndimasungira alendo, n'kuikapo matambula atatu a miyendo yaitali ochokera m'katoni muja. Mwini wake anali atavala jekete loyera la mabatani mizere iwiri, dzina lake litasokedwa pachifuwa.

"Mphesa tilibe, nyanja tilibe," anatero, "koma thonje la atate likwanira."

AMatiyasi anakhala pansi. Ine ndinafuna kukakhala pamkeka chapatali monga mwa masiku onse, Takondwa n'kundikokera mpando. "Amayi, lero ndinu mlendo." Ndinakhala, koma manja sindinkadziwa powaika.

Choyamba anabweretsa botolo la vinyo wa m'munda wa kuntchito kwake. Analionetsa kwa atate ake mbali ya chizindikiro, analitsegula mwaluso, n'kuthira kadontho m'tambula mwawo, kosakwana n'kunyowetsa lilime. Atatero anaima chilili, dzanja limodzi kumbuyo, kudikira.

AMatiyasi anayang'ana kadonthoko, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ana aLazarus. Ine ndinaona kale pamene palakwika. Kwathu kuno wobweretsa chakumwa ndiye amayamba kumwa, anthu onse akuona, kuti mlendo amwe ndi mtima umodzi. Mwana wanga anali atatembenuza zonse, wapatsa atate ake kuti ayambe iwo, komanso ali chiimire pamutu pawo ngati wapolisi.

"Kumeneko," anatero aMatiyasi pang'onopang'ono, akulankhula ndi tambula, "mlendo ndiye amayamba kufa?"

ALazarus anaseka mpaka kutsokomola. Takondwa anagwira pakamwa.

"Atate, pepani! Kuntchito timathirira wamkulu pang'ono kuti alawe, anene ngati vinyo ali bwino. Ndi ulemu wa kumeneko. Ndinaiwala, zoonadi ndinaiwala."

Anagwada pafumbi ndi thalauza lake la kuntchito, anatenga tambula ija ndi manja awiri, anamwa kadontho kaja, n'kuthiramo wina wochulukirapo. AMatiyasi analandira. Vinyo iwo ankangomuonera patali m'manja mwa ansembe, ndiye anamwa ngati akuopa kuti wina awaneneza. Anakwinya nkhope, anadikira, n'kumwanso kachiwiri. Ine ndinapuma.

Mbale yoyamba inafika. Abale, mbale yaikulu yomwe ndinabwereka kwa aMonika, imene amaikamo nkhuku yathunthu pa Khirisimasi, pakati pake pali kagawo kamodzi ka mbatata yowotcha, pamwamba kapenta atatu, pambali kadontho kofiira. Ndinawawerenga, anali atatu.

ALazarus anavala magalasi awo owerengera nyimbo. "Alamu, izi n'zomeza kangati pa tsiku? Tidye kaye kapena timwe pamimba popanda kanthu?"

Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Koma nditaika kanthuko m'kamwa, ndinasiya kuwaponda. Mbatata yomweyi ndimalima ine, kapenta yemweyu wa ku Kapata, koma zinali ngati ndikuzilawa koyamba, kutsekemera, mchere, kuwawasa kwa ndimu, zonse kubwera motsatizana. ALazarus anatseka maso n'kunena, "Ambuye chitireni chisoni." AMatiyasi anatafuna pang'onopang'ono.

Yachiwiri inali supu wa dzungu ndi nsinjiro, masupuni anayi okha. ALazarus anapukuta mbale ndi chala, Takondwa akuyang'ana kumbali. Amuna anga anamwa wawo, koma ndinaona kuti nkhope yawo yayamba kugwa. Sankayang'ananso chakudya. Ankayang'ana manja a mwana wawo akamachotsa mbale, ndi khosi lake, ndi mmene jekete lija linkamukhalira.

Yachitatu inali nsomba, kachidutswa konga bokosi la machesi, khungu lake lili gwaa, katagona pa timasamba ta nkhwani. Takondwa anaika mbale n'kuyamba kufotokoza mmene anaiphikira. Sanamalize. AMatiyasi anakankha mbale yawo mpaka kumapeto kwa tebulo kumene iye anaima.

"Idya iwe," anatero.

Anaimirira, mpando n'kugwa chagada, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Takondwa anatola mbale ija mwaulemu wonse n'kulowa nayo m'khitchini. Ndinamutsatira, ndinamupeza akutembenuza nkhunda pamakala, misozi ikugwera pamoto.

"Mwaona, amayi? Ndinanena. Asiyeni, nkhundazi mudya inu ndi aLazarus."

Apa ndiye ndinapsa mtima. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikunyamula mawu uku ndi uku ngati wa positi, ndazungulira mudzi kubwereka mbale, mwana waphika masiku awiri, ndiye munthu wamkulu ndi imvi zake angodzuka n'kugwetsa mpando? Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kupita kuseri, mawu nditawakonza kale, ena oti pa tsiku la Mulungu sayenera kutuluka.

Ndinawapeza ali m'khola la mbuzi ndi suti yawo ya kutchalitchi, akulimbana ndi tonde wathu wamkulu kuti amumange chingwe. Pakhomo pa nkhokwe panali thumba lomwe anali atayamba kuthiramo mtedza.

"Bambo ake Takondwa, mwapenga? Mwana akulira uko, inu muli pano kugwa ndi mbuzi?"

Anatembenuka. Maso awo anali ofiira, ndipo mawu anga onse aja anathawa.

"Amake Takondwa, inu simukuona? Kapenta atatu. Mwana wathu akuwerenga kapenta. Mwaiwala ndani ankagawa chakudya chomwecho?"

Ndinaima, dzanja lili pa mtengo wa khola.

"Ndinu," anatero. "Chaka cha njala chija, iye ali ndi zaka zisanu. Munkaika kachakudya pakati pa mbale, n'kukakonza bwinobwino kuti kaoneke kambiri. Munkatipatsa pang'ono, tidikire, kenako pang'ono pena, kuti mimba ipusitsike. Munthu saphunzira kugawa chonchi ali pokhuta. Mwanayu kumeneko akugona ndi njala, akungochita manyazi kutiuza. Ndipo ine ndakhala pano zaka zonsezi kumukwiyira, nkhokwe ili yodzaza, osamufunsa n'komwe ngati wadya."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, ndiye zinatuluka zonse pamodzi. Chaka chimenecho ndimachikumbuka. Bambo ameneyu ankanama kuti wadya kale ku ganyu, n'kukankhira mbale yake kwa mwana, ndendende mmene anachitira patebulo paja. Ine ndinali nditaona mwano pamene panalibe mwano.

"Inu a mutu wouma inu," ndinatero ndikupukuta m'maso, "si njala imeneyo! Kwatsala mbale zinayi. Anthu olemera amakwera ndege kuti akadye pang'onopang'ono chomwechi, amachita kufuna."

"Musandinamize. Wolemera wake uti angalole kapenta atatu?"

"Ndiye mufunseni nokha. Ine ntchito ya positi ndasiya lero. Takondwa! Tabwera kuno!"

Anabwera ndi mpeni m'manja, maso otupa. Anaona atate ake ali m'khola, suti ili ndi ndowe pabondo, tonde akukoka chingwe. AMatiyasi anatembenukira kwa iye.

"Iwe Takondwa. Kumene uliko, umakhuta?"

"Atate?"

"Ndati umakhuta? Usaname. Mbuzi iyi tipha lero udye mpaka usiye wekha, mtedzawu utenge. Ngati kumeneko kuli kovuta, nyumba ino ndi yako, sunathamangitsidwe."

Ine ndinafotokoza mwachidule za kapenta atatu ndi chaka cha njala. Takondwa anayang'ana thumba la mtedza, anayang'ana mbuzi, n'kukhala pansi pa mwala, kuseka kwinaku akulira mpaka mpeni unagwa.

"Atate, ndimakhuta. Ndanenepa mpaka jekete ili ndi lachitatu. Timaika pang'ono kuti munthu afike ku mbale yomaliza akadali ndi malo. Tiyeni mukakhale. Mukamaliza zonse zisanu ndi ziwiri muli ndi njala, mbuziyo ndiipha ndekha, mpeni ndi uwu."

AMatiyasi anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati mmene amayang'anira ng'ombe asanaigule. Kenako anamasula tonde.

Titabwerera tinapeza aLazarus atadya nsomba yawo ndi yanga yomwe. Ati ankaopa kuti ntchentche zingaiwononge. Takondwa anabweza ya atate ake, itazizira, iwo n'kuidya yonse mpaka khungu.

Kuyambira pamenepo chakudya chinayenda. Nkhunda inabwera itapsa pang'ono mbali imodzi chifukwa cha nkhani ya kukhola ija, ili ndi msuzi wa bwemba ndi vinyo. AMatiyasi anasiya foloko n'kugwira ndi manja, Takondwa n'kunena kuti ngakhale mkulu wa ophika amatero akakhala kuseri. Yachisanu inali nyama ya mbuzi yophikidwa kuyambira dzulo ija, yofewa yoti ngakhale wopanda mano angathokoze, pa mpunga wa ku Chama. Apa amuna anga anafunsa funso loyamba la ntchito.

"Mwaikamo chiyani umu chonunkhira chonchi?"

"Khungu la lalanje, atate."

"Lomwe timataya lija?"

"Lomwelo."

"Hm," anatero, n'kuyang'ana aLazarus ngati iwo ndiwo atulukira nzeruyo.

Yachisanu ndi chimodzi inali timadzi ta ndimu ndi uchi, akuti totsukira m'kamwa. ALazarus anadandaula kuti m'kamwa mwawo munali bwinobwino, sanapemphe kuti mutsukidwe. Yomaliza inali malambe osakaniza ndi mkaka ndi uchi, osalala, pamwamba pali nthochi yowotcha ndi mtedza wosinja. Ili pakati, ndinamva kaphokoso pansi pa tebulo. AMatiyasi anali akumasula lamba mobisa. Anaona kuti ndawaona.

"Suti iyi inachepa kale," anatero.

"Mbuzi ija tiphe?" anafunsa Takondwa.

"Isiyeni, ili ndi mwayi."

ALazarus anayamba kuimba nyimbo yothokoza ndi mawu awo a tenala, osapemphedwa ndi munthu. Takondwa anali ataima pambali, manja kumbuyo, kudikira kuti achotse mbale. Atate ake anamuyang'ana.

"Nanga iwe udya nthawi yanji?"

"Ife timadya kuseri, atate, chiimire, alendo asanafike."

"Pa matebulo a nsalu zoyera aja, oyang'ana kunyanja aja, sukhalapo?"

Ine ndinawayang'ana. Kani zithunzi zija ankaziona, munthu wachinyengo ameneyu!

"Sindinakhalepo ndi kamodzi komwe," anatero Takondwa. "Si malo athu."

AMatiyasi anaimirira, ulendo uno bwinobwino. Anagwira mpando wawo n'kuukokera kumbuyo monga anaonera mwana akundichitira ine. Kenako analowa m'khitchini, bambo amene chikwatirane sanapondemo, tinamva mapoto akugundana, ndipo anatuluka ndi mbale yodzaza mpunga ndi nyama yotsala, mulu wonse, msuzi ukudontha m'mphepete. Anaiika patebulo.

"Khala apa, mwana wanga. Kagawidwe kanga ndi kameneka, undikhululukire, sindinapite kusukulu yake."

Takondwa anakhala. Anagwira supuni. Atate ake anakoka chitsa n'kukhala pafupi naye, zigongono pamaondo.

"Uzidya uku ukundiuza," anatero. "Uyambire tsiku lomwe unatsika basi. Usadumphe kanthu."